Chipupa chimene chinamwa madzi osefukira sachikumba kunsi

Bambo wina wa pamalo ochitira malonda pakati pa Nchalo ndi Ngabu wafunsa motere: "Ndili ndi sitolo yakale imene anasiya malemu bambo anga, ya njerwa zootcha zomangira dothi, kunja pulasitala wa simenti, mamita 9 mulitali ndi 7 mulifupi. Madzi analowamo mu 2022 nthawi ya namondwe Ana, Freddy anabwerezanso mu 2023, ndipo pano zipupa zili ming'alu yokhayokha. Kutsogolo kuli khonde la konkire, kumbuyo kashedi ka malata a asibesitosi ndi chimbudzi chokumba, ndipo mbali imodzi ndagundana ndi sitolo ya mnzanga. Ndikufuna kumanga ina. Anyamata aganyu akuti akumba kunsi kwa zipupa n'kuzikoka ndi chingwe, tsiku limodzi ntchito yatha. Ndiwalole?"

Musawalole, bambo, ngakhale atakudulirani mtengo pakati. Taganizani kaye za kulemera kwa chinthu chimene akufuna kugwada pansi pake. Chipupa cha naini inchi, chokhuthala masentimita 23 ndi kutalika mamita 3, chimalemera makilogalamu pafupifupi 1,200 pa mita imodzi iliyonse. Amenewo ndi matumba 24 a chimanga osanjikizana. Chipupa chanu chachitalicho ndiye chikuposa matani 10. Wokumba kunsi amakhala atawerama, maso ali pa piki, ndipo chipupa pogwa sichiodira.

Chinanso ndi dothi lomangiralo. Simenti imagwirizanitsa njerwa kukhala chinthu chimodzi, pamene dothi limangotseka mipata, njerwa n'kumakhalirana chifukwa cholemera basi. Madzi atagona m'nyumbamo masiku angapo, dothi la m'mizere yapansi linafewa, lina linakokoloka, ndipo zimachitika kuti chimene maso akuona ngati khoma lolimba ndi pulasitala wobisa mphako. Chipupa chotere sichigwa chathunthu kutsata chingwe monga anyamatawo akuganizira. Chimathyokera pakati, kapena kungokhala pansi mwadzidzidzi, tsinde lake n'kumwazikira kumene kuli miyendo ya anthu. Nthawi zina chimabwerera m'kati n'kukoka denga pamodzi ndi khoma la mnzanuyo.

Nyumba imaphwasulidwa mobwerera m'mbuyo momwe inamangidwira: chimene mmisiri anaika pomaliza ndicho chimayamba kutsika. Koma hamala isanagwire ntchito pali za sabata ziwiri zoti muchite.

Yambani ndi kuiyendera nyumbayo pamodzi ndi injiniya kapena mmisiri wodziwa, osati amene adzalandire ndalama ya ganyuyo. Mangani kamwala ku chingwe, muchitsitse kuchokera pamwamba pa chipupa chilichonse, muyeze mpata wotsala pansi. Chipupa cha naini inchi chikapendekeka masentimita 4 chikufunika kuchirikizidwa anthu asanagwire ntchito pafupi. Chikafika 7 kapena 8, pasapezeke woima mbali imene chaweramira. Ming'alu nayo ili ndi chinenero chake. Wokwera mopingasa ngati masitepe kuchokera pa ngodya ya zenera umanena kuti maziko anasuntha, ndipo kwanuko sizachilendo chifukwa dothi la makande limafufuma likanyowa n'kung'ambika likauma. Mng'alu wogona, wotsata pamene madzi analekezera, makamaka chipupa chitatukumuka pamenepo ngati mimba, ndiwo woopsa kwambiri, popeza kumtunda konse kwakhala pa njerwa zofewa. Pakani kachigamba kopyapyala ka simenti modutsa mng'alu waukulu uliwonse, mulembe tsiku pambali pake. Kakasweka m'masiku ochepa, nyumbayo ikuyendabe. Gogodani pulasitala ndi hamala yaing'ono, mumve pamene pakulira ngati ng'oma. Matabwa a denga abayeni ndi sikuludilaiva, chifukwa chiswe chimadya m'kati n'kusiya khungu looneka bwinobwino.

Pali chinthu chimodzi chimene anthu a m'chigwa chino amachigwetsera limodzi ndi nyumba, pambuyo pake n'kuchifuna: mzere wa matope wosonyeza pamene madzi anafika. Usamutseni usanathe. Tengani paipi ya pulasitiki yoonekera m'kati, ija amisiri amayezera levulo ndi madzi, mukalembe msinkhu womwewo pa mtengo wapafupi kapena pa chitsulo chozikidwa mu konkire kutali ndi ntchito. Pansi pa sitolo yatsopano padzakhale masentimita 30 mpaka 50 pamwamba pa chizindikirocho. Mukapeza kuti kutero kukufuna chiunda chotalika kuposa chifuwa cha munthu, ndi bwino kudzifunsa ngati malowo ali oyenera kumangaponso.

Za makalata n'zachidule. Pitani ku ofesi yoona zomangamanga ku khonsolo ya Chikwawa mukafunse za chilolezo chogwetsera ndi cha pulani yatsopano lata ndi limodzi lomwe lisanachoke. Popeza ndi nyumba yamasiye, abale agwirizane kaye, amfumu akudziwa. Nyumba yoimitsidwa ndi mlandu denga litachoka kale ndi msampha woipa kuposa momwe ilili lero.

Magetsi: kuthimitsa pa meni switchi sikokwanira. Waya wochokera pa polo kufika pa mita amakhalabe ndi moto wa mavoti 230, ndipo ndi yemweyo amene lata kapena makwerero achitsulo amakakhudza. Lembani kalata ku ESCOM kuti adzadule pa polo ndi kuchotsa mita yawo, musapatse ntchitoyi munthu wa m'mudzi wongodziwa zolumikiza. Ngati pali sola, kumbukirani kuti panelo imatulutsa moto nthawi yonse imene dzuwa likuwala. Iphimbeni ndi chiguduli, mumasule batire, ndiye muitsitse. Onaninso ngati mnzanuyo sanakoke waya wake kudzera m'denga lanu. Madzi a m'mipopi atsekedwe mita isanafike, koma musiye njira yopezera madzi pamalopo chifukwa mufunika migolo iwiri kapena itatu tsiku lililonse yothirira fumbi.

Tchingani malo. Mpanda wa malata akale kapena bango ukhale kutali ndi chipupa kamodzi ndi theka ka kutalika kwake: chipupa cha mamita 3, mpanda pa mamita 4.5, kumene kuli gebulo (chipupa chosongoka cha kumapeto kwa denga) wofika mamita 4.5, mpanda pa mamita 7. Ngati sitoloyo yayang'ana msewu wa M1 kapena njira ya kumsika, tsiku la msika musagwetse mbali yakutsogolo. Pakhale munthu mmodzi amene ntchito yake ndi kuyang'anira basi, kubweza ana odzatola misomali ndi zitsulo, akabaza ofuna mthunzi, mbuzi ndi ng'ombe zodutsa.

Kashedi ka asibesitosi kachoke poyamba, pa tsiku lakelake, anthu ena onse atatalikira. Lata la asibesitosi likakhala lathunthu silivuta kwenikweni. Vuto limayamba likasweka, kuchekedwa kapena kukwechedwa, pamene limatulutsa tiulusi tosaoneka ndi maso timene timakakhazikika m'mapapo n'kuyambitsa khansa ndi kuuma kwa mapapo patapita zaka 20, 30 ngakhale 40. Mnyamata wa zaka 22 amene aliphwanye ndi hamala lero angadzadwale ali ndi ana akusekondale, osadziwa kumene zachokera. Choncho nyowetsani malatawo ndi madzi osakaniza sopo pang'ono, mothira pang'onopang'ono. Masulani mabawuti kuchokera pansi. Odzimbirira adulidwe bawutiyo, lata lisakhudzidwe. Gulayinda ndi bulashi ya waya zisayandikire. Pamwamba pake pasapondedwe, chifukwa lata lakale la mtunduwu limaboweka mwadzidzidzi munthu n'kugwera m'kati. Litsitsidwe ndi anthu awiri lili lathunthu, likulungidwe mu pulasitiki wakuda wokhuthala kawiri, n'kumata ndi tepi. Ogwira avale masiki olembedwa FFP3 kapena P3 ogwira bwino pankhope. Kansalu kapena masiki aja a nthawi ya Covid-19 satchinga tiulusiti. Zovala za tsikulo zisapite kunyumba kuti mayi akachape pamodzi ndi za ana. Za kotayira funsani ofesi ya zachilengedwe ku khonsolo. Padzabwera anthu okupemphani zidutswa kuti akafolere khola la nkhuku, akatseke maenje mumsewu kapena akayanikirepo nsomba. Akanizeni, ndipo muwauze chifukwa chake.

Tsopano khonde la konkire, limene tikufuna mulimvetse bwino chifukwa ndi limene limapusitsa ngakhale amisiri. Masitolo ambiri akale ali ndi silabu yongotuluka m'chipupa popanda mizati, ngati mlomo wa kapusi. Chimene chimaigwira kuti isagwe ndi kulemera kwa njerwa zili pamwamba pa tsinde lake, kuphatikizapo kachipupa kaja kolembedwa dzina la sitolo. Ndiye munthu wotsata bwinobwino lamulo loyambira pamwamba akachotsa njerwa zimenezo, silabu yonse imapendekeka n'kugwa ngati chitseko, kawirikawiri iye ataimapo. Silabu ya mamita 9 mulitali, yotuluka mita imodzi ndi theka, yokhuthala masentimita 10, imaposa matani atatu. Ichirikizeni musanakhudze chilichonse pamwamba pake: mapolo a bulugamu owongoka, osachepera masentimita 10 kukhuthala, polo pa mita iliyonse, m'mizere iwiri, oima pa thabwa lokhuthala kuti asamire m'dothi, pamwamba thabwa lina, n'kuwalimbitsa ndi timatabwa tosongoka ndi kuwamangirira mopingasa. Kuswa kuyambire kumphepete kwakunja kulowera ku chipupa, m'timizere ta masentimita 30 mpaka 50, woswayo ataima pa nsanja yakeyake. Zitsulo za m'kati zidulidwe konkire atachoka kale. Ngati khonde lanu lili ndi mizati, silabu ichoke kaye, mizati pambuyo.

M'kati chotsani zitseko, magalasi, mashelefu ndi siling'i. Musanatsitse siling'i nyowetsani zitosi za mileme zili pamwamba pake, fumbi lake limadwalitsa chifuwa. Yembekezerani mavu, njuchi, zinkhanira ndi njoka m'nyumba imene yakhala yosagonamo anthu; dzanja lisalowe m'mphako musanagogode ndi ndodo. Mafelemu a zitseko ndi mazenera asiyeni. Mu chipupa chomangira dothi felemu imakhala itasenza njerwa za pamwamba pake, ndipo kuizula msanga kuti isawonongeke ndiko kumagwetsera njerwazo pamutu pa woizulayo. Idzatuluka yokha chipupa chikatsika kufika pamenepo.

Denga liyambe m'mawa kwambiri mphepo isanadzuke ndiponso malata asanatenthe. Lata la mamita atatu likagwidwa ndi kamvuluvulu limakoka munthu kapena kuuluka ngati chikwanje. Litsitsidwe ndi chingwe kapena kupatsirana, osaponya. Wokhala pamwamba aponde pa thabwa logonekedwa modutsa matirasi (mafelemu a matabwa osenza denga) awiri kapena atatu. Mapalini (matabwa okhomerapo malata) asachoke onse nthawi imodzi, chifukwa ndiwo agwira matirasi kuti aime. Mukawachotsa onse, tirasi imodzi ikagwa imagwetsa anzake motsatana. Mangani tirasi imene ikutsika ndi zingwe mbali zonse ziwiri, mudule mawaya oimangirira ku chipupa, muigoneke pang'onopang'ono, kenako yotsatira.

Denga likangochoka, zipupa zataya chimene chimazigwira kumutu. Gebulo, amene nthawi zambiri amakhala wa njerwa imodzi yogona, ndiye amatsala ali yekha pamwamba, ndipo mphepo yamadzulo yokha imatha kumugwetsa. Atsike tsiku lomwelo limene denga lachoka. Ngati nthawi sikukwana, denga lidikire mawa.

Zipupa zitsike mozungulira, mizere inayi kapena isanu ya njerwa paulendo umodzi, nyumba yonse n'kumafupika pamodzi. Ngodya ndi zipupa za m'kati ndizo zimachirikiza zakunja, choncho musathamangire kugwetsa za m'kati chifukwa choti ndi zopyapyala ndi zosavuta. Mukatero mwasiya chipupa cha mamita 9 chili chokha ngati tsamba. Munthu asaime pamwamba pa chipupa chimene akuphwasula, ndipo makwerero asatsamire pa icho. Pamafunika nsanja yoima payokha, ya matabwa okhuthala masentimita 5, atatu mulifupi, yokhala ndi chogwirira chofika m'chiuno. Migolo yosanjikiza si nsanja. Mwayi wanu ndi woti njerwa zomangira dothi zimazuka ndi chitsulo chokanulira kapena ndi manja, popanda hamala yaikulu. Konzani kanjira kotsetsereka ka lata lakale kuti njerwa zizitsetserekera pa mulu wa mchenga, ndipo zinyalala zisaunjikane pa nsanja kapena kutsamira chipupa, chifukwa mulu nawo umakankha. Mukafika pa lintala ya konkire, ija yosenza njerwa pamwamba pa chitseko kapena zenera, chotsani njerwa za pamwamba, muimange ndi chingwe, anthu anayi aitsitse. Ya mita imodzi ndi theka imaposa makilogalamu 120. Ngati pali ring'i bimu (lamba wa konkire wozungulira nyumba kumtunda kwa zipupa), iswedwe m'zigawo za mita imodzi, chigawo chimangidwe ndi chingwe zitsulo zisanadulidwe. Pokaweruka pasatsale chipupa chachitali choima chokha, ndipo kapitawo azungulire malo onse asanachoke.

Pali nthawi imodzi imene kukoka kumaloledwa: chipupa chikapendekeka moti kuimika nsanja pafupi nacho n'koopsa kuposa kuchigwetsa. Zimenezo azilamule injiniya ali pomwepo. Chingwe chimakolekedwa ndi mtengo wautali munthu ali patali, chimakhala chotalika kuposa kawiri kutalika kwa chipupacho, kunsi sikukumbidwa, ndipo chikakana kugwa palibe wothamangira kukaona chimene chachigwira.

Za mnzanu wogundana naye, kwerani muone m'denga: kodi ndi zipupa ziwiri zogundana, kapena chimodzi chimene matabwa a masitolo onse awiri akhalapo? Ngati ndi chimodzi, chimenecho sichigwetsedwa, ndipo chichirikizidwe ndi mapolo opendekera mbali yanu zipupa zolumikizana nacho zisanatsike. Siyaninso zidutswa za theka la mita za zipupa zimenezo kuti zikhale ngati nthiti. Ngati ndi ziwiri, chanu chitsike ndi manja okha, njerwa imodziimodzi. Jambulani ming'alu yonse ya m'sitolo mwake ndi foni muli limodzi ntchito isanayambe, mugwirizane polemba pamaso pa mboni, ndipo masiku ogwira mbali imeneyo atseke sitolo. Khoma lake likaonekera poyera lopanda pulasitala, liphimbidwe mvula isanabwere. Podzakumba maziko atsopano m'mbali mwake musapitirire kuya kwa maziko ake, ndipo kumbani ndi kuthira konkire mita imodzi imodzi molumphalumpha, osatsegula ngalande yonse nthawi imodzi.

Chimbudzi chokumba chizingidwe ndi chingwe kuyambira tsiku loyamba, wilibala kapena ngolo isadutse pafupi. M'mbali mwa dzenje limene linadzadza madzi osefukira mumakhala mutagumuka mobisika, silabu ili lende. Kanyumba kake kaphwasulidwe anthu ataima kunja, silabu ikokedwe ndi zingwe. M'dzenje, kaya la chimbudzi, sepitiki thanki kapena chitsime chakale, musalowe munthu ngakhale mutagwera foni, chifukwa mpweya wa mmenemo umakomola munthu asanakuwe, ndipo wotsikira kukamupulumutsa amathera momwemo. Thiranimo laimu, mukwirire ndi dothi ndi zidutswa za njerwa m'magawo a masentimita 15 mpaka 20 mukutsendera, mulembe malowo pa pulani. Maziko a nyumba yatsopano asadutse pamenepo, popeza dothi lokwirira limapitiriza kutitimira kwa zaka.

Nyumba ya msinkhu wanuwu itulutsa njerwa ndi dothi zokwana matani pafupifupi 45, maulendo pafupifupi 7 a lole ya matani 7 mukati mutaye zonse. Simuyenera kutaya zonse. Njerwa za kumtunda zambiri zituluka zamphumphu: gundanitsani ziwiri, yabwino imalira ngwee, yofooka imangoti phu. Za m'mizere imene inamira, makamaka zotuwa mchere wa chikungu ndi zofumbutuka mukazikanda ndi msomali, zisabwererenso m'chipupa, chifukwa mcherewo udzatukula pulasitala watsopano. Ziphwanyeni zikhale zokwezera pansi pa sitolo, m'magawo a masentimita 15 otsenderedwa bwino, mopanda matabwa, mizu, makande kapena kachidutswa kalikonse ka asibesitosi. Maziko akale musamangepo poganiza zopulumutsa simenti. Ndi omwewo amene anang'amba nyumba yoyambayo.

Nyengo yabwino ya ntchitoyi kuchigwa kuno ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, dothi litauma ndipo dzuwa lisanakwiye. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo munthu wochita chizungulire ali pa nsanja wagwa kale. Mukakakamizika kugwira miyezi imeneyo, yambani 5 koloko m'mawa, muweruke cha m'ma 10, mubwererenso dzuwa litapendeka. Aliyense amwe kapu ya madzi pa mphindi 15 kapena 20 zilizonse osadikira ludzu, pakhale mthunzi ndi mapaketi a Thanzi ORS. Wosiya kutuluka thukuta, wolankhula zosokonekera, athiridwe madzi thupi lonse ndi kuthamangira naye kuchipatala.

Kalipiridwe nako kamapha kapena kupulumutsa. Mukagwirizana mtengo umodzi wa nyumba yonse, mwawauza anyamatawo kuti phindu lawo lili pa liwiro, ndipo adzakumba kunsi inu mukangotembenuka. Alipireni pa tsiku, muwonjezere kenakake pa njerwa 100 zilizonse zamphumphu zosanjidwa bwino. Anthu asanu ndi mmodzi ndi kapitawo wawo atenga sabata imodzi kapena ziwiri. Zipewa zolimba, nsapato zokhuthala pansi, magolovesi, magalasi a maso ndi masiki mugule ndinu. Wobwera ndi patapata kapena fungo la kachasu abwerere. Lamulo la chitetezo ndi umoyo pantchito la 1997 ndi lamulo la chipepeso cha ovulala pantchito la 2000 amaika udindo pa wolemba anthu ntchito, ndipo ofesi ya zantchito ya boma lanu ingakufotokozereni mmene zikukukhudzirani.

Tsiku lililonse la ntchito pakhale galimoto kapena njinga yamoto yodziwika, nambala ya woyendetsa ili m'foni ya kapitawo, ndipo onse adziwe ngati mukuthamangira ku chipatala cha St Montfort ku Nchalo kapena cha Ngabu. Ovulala kwambiri amatumizidwa ku Queens ku Blantyre, ulendo wokwera mapiri a Thabwa, choncho mphindi zoyamba n'zofunika. Munthu akapsinjidwa, yang'anani kaye ngati chotsalacho sichigwanso, muchotse njerwa ndi manja kuyambira kumutu ndi pachifuwa, osamukoka miyendo. Wodandaula khosi kapena msana anyamulidwe atagona pa chitseko, mutu utagwiridwa kuti usagwedezeke. Pamene pakutuluka magazi tsindikizani ndi nsalu yoyera osasiya. Ngakhale wongobayidwa ndi msomali wadzimbiri kuphazi atsuke bala ndi sopo, apite kuchipatala tsiku lomwelo akafunse za jakisoni wa kafumbata.